Purosesa yakana kulowa

Bambo a Noel,

Lero Lachisanu, 7 koloko m'mawa, a Filipo okonza makompyuta ayesa kuika m'kompyuta purosesa, kachipangizo munagula Lachiwiri kaja. Yakana kulowa. Ndi ya kampani ya AMD, pomwe bolodi la m'kati mwa kompyuta yathu ndi la Intel.

Ndapita nayo ku Limbe, poti kushopu anati tsiku lomaliza kusintha ndi lero. Ndikatenga ya Intel. Mumati AMD imathamanga pa gemu yanu yampira, sindikutsutsa, koma ikufuna bolodi lina, ndipo limenelo lidzafika mwezi wamawa. Mayeso a Fomu 2 ndiyenera kutaipa pofika Lolemba, ndipo ahedi sasewera magemu.

Pepani, sindinakudikireni. Mukaweruka ku esiteti mufufuze m'matumba a jekete lanu, mundiimbire. Kushopuko amatseka 4 koloko, popanda lisiti sasintha, ndipo ine lisitilo sindinalipeze.

Leah