Khoko Lomwe Linali M'manja

Lolemba, 11 Malichi 2024

Ennie wavomera! Chaka chathunthu mkazi wangayu akuti mfuti ndi zinthu za apolisi ndi mbava, lero pa tiyi wangoti, "Loweruka ndipita nanu ku kalabu kwanuko, ndikaombeko kamodzi, kenako mundisiye." Chamusintha sindikuchidziwa. Sindinafunse, angabweze mawu.

Lachiwiri, 12 Malichi

Kuweruka kuntchito ku Kewdale, molunjika m'galaja. Ndimafuna kumukonzera zipolopolo 50 zofewa, kuti kamfuti kanga kasamugwedeze dzanja. Ntchito yake ndi yomwe ija: makoko a zipolopolo zoomba kale m'kathabwa ka mabowo, onga pa sikelo, khoko lililonse kamodzi. A Trevor, amene anandiphunzitsa ku kalabu, amati ukakhala pa onga foni uzime, chitseko utseke.

Chitseko ndinatseka. Koma "odi" ungamutsekere panja?

A Msaiwale, mkulu wa mpingo, akuti amangodutsa. Iwo za mfuti sadziwa, ndipo atadziwa, pofika Lamulungu Mmalawi aliyense mu Perth wamva. Ndinavundikira tebulo ndi chitenje cha Ennie n'kuthamanga. Moni, za kumudzi, tiyi, pemphero lawo lalitali lija, kenako kuwaperekeza mpaka pa siteshoni ya Maddington. Munthu wamkulu sungamusiye pageti. Nditabwerera ndinapitiriza pomwe ndinalekera. Zonse 50 zatha, zikunyezimira.

Lachitatu, 13 Malichi

"Pomwe ndinalekera." Ndinalekera pati?

Zandibwerera ndili pakati pa ntchito. A Msaiwale akuodira, ndinali ndi khoko m'manja. Ndinali nditathiramo kale onga kapena ayi? Ndipo sindinaunike m'makoko ndi tochi ndisanatseke, monga ndimachitira masiku onse. Ngati mulibe onga, chipolopolo chimatsakamira mumpope wa mfuti. Ngati ndinathira kawiri, mfuti ikhoza kuphulikira m'manja.

Ndaziimika pa tebulo. Zonse zofanana ngati mazira.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndaziyeza chimodzichimodzi. Chilichonse cholemera mwakemwake, sikelo yangondiwonjezera chizungulire. Ndazigwedeza kukhutu ngati ndikusankha mapeyala pamsika. Zii.

Ndaimbira a Trevor. Akuti, "Ukukayika? Phwasula zonse." Kunena n'kosavuta. Galaja ili mkamwa mwa khitchini, Ennie amva kugogoda, afunsa. Ndimuuza chiyani, kuti zipolopolo zomwe ndamukonzera mwina chimodzi n'choluma? Ulendo wathera pomwepo, mwinanso kalabu yomwe. Pomwe wasinthana kale shifiti ndi mnzake kuchipatala.

Mwina ndinathira bwinobwino. Ndikatseka maso ndimadziona ndikuthira. Ndikatsekanso ndimadziona ndisakuthira. Mutu waima ndithu, ndipo ndili ndi mantha.

Lachisanu, 15 Malichi

Wandifunsa kuti avale nsapato ziti. Ine maso ali pa zala zake, akusenda anyezi. Ndayankha zosamveka.

Loweruka, 16 Malichi

Bokosi la zipolopolo ndinali nditaliika kale m'chikwama. Ndinalitulutsa, kulibwezera, kulitulutsanso. Ennie anandipeza m'galaja makiyi ali m'manja, ine ndili ndi kanyundo kozulira zipolopolo.

"Bambo a Tawina, si nthawi yakwana?"

Ndinamuuza zonse, za odi, za chitenje, za khoko lija.

"Mwadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Ndiye mumafuna mundiuze liti? Ku chipatala?"

Ndimati atuluka. Koma anaika makiyi pansi, kukoka ndowa, kuivundikira, kukhalapo.

"Ife mankhwala oopsa timayeza anthu awiri. Inu zulani, ine ndiziwerenga sikelo."

Khumi, zili bwino. Makumi awiri, bwino. Pofika makumi atatu ndinayamba kudziona chitsiru, kuwononga Loweruka la munthu pachabe. Ndinayesa kuseka, iye osaseka.

Cha 34. Ndinakhuthulira onga m'kambale, mulu wake unaoneka ndi maso omwe. Ennie anawerenga nambala, anaiwerenganso. Ndinali nditathira kawiri.

Anatambasula dzanja lake lamanja, kulifumbata, kulitambasulanso, akuliyang'ana.

Kenako anapukuta kambale kaja ndi chitenje.

"Zatsala sikisitini," anatero. "Bweretsani chinacho."