Amayi Akana Kujambulidwa ndi Zigamba

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Makwasa. Tonse tili bwino, ndipo bondo la amayi lapola.

Imvani zakuno! Lachiwiri ku esiteti kunabwera ojambula filimu ndi kamera yatsopano imene akuti yangoonetsedwa kumene pachionetsero cha makamera kunjako. Achimwene, chinthucho chimaona ngakhale mame pansonga ya tsamba! Titamva, tonse othyola tiyi tinafika titatchena zakutchalitchi. Ojambulawo anatipempha tikavale zogwirira ntchito. Enafe tinamvera, koma amayi anakanitsitsa: "Kamera yoona mame ingalephere kuona zigamba? Mwana wanga ku Joni asandione choncho."

Filimuyo ikatuluka muisake. Amene akuthyola tiyi atavala nsapato zoyerawo ndi amayi, ndipo anavalira inu. Muwaimbire. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati