Chitseko cha Kumanzere

Galatina,
9 Epulo 1987

Okondedwa achimwene Oronzo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Germany kuja pamodzi ndi alamu ndi ana. Kukuzizirabe? Muzivala zamphepo, chifuwa chanu chija ndimachidziwa ine.

Ukwati wa mwana wanga Filomena ndi wa Loweruka lomaliza la Juni. Zovala zatheka, vinyo alipo. Chondisowetsa mtendere ndi zitseko zathu ziwiri zamagalasi zotulukira kubwalo zija. Mukudziwa kuti masiku onse timatsegula cha kumanja chokha. Cha kumanzere chimatsegulidwa potuluka mkwatibwi kapena bokosi la maliro, ndipo wotsegula amakhala mwamuna wobadwira m'nyumba muno. Bambo ananditsegulira ine. Inu munatsegulira mayi tsiku lowaperekeza kumanda, ndipo kuyambira pamenepo simunabwerenso. Kachitsulo kotsekera ka pansi kaja kachita dzimbiri.

Ndikamapukuta magalasi ndimakumbukira zambiri. Lobiriwira lija likadalipo, limene bambo anaika inu mutaswa loyamba ndi mpira. Tinkasinthana kusuzumirapo, n'kumaona mayi akuyanika matimati padzuwa, nkhope yawo ili biriwiri ngati tsamba la mpesa. Ankati, “Chokanipo apo, mukundidetsera galasi ndi mphuno zanuzo!” Koma ankaseka.

Dzulo Donato, mkamwini wathu wa mawayu, anabwera ndi kalipentala, a Pantaleo. A Pantaleo anagwada, nagwedeza kachitsuloko, n'kuti, “Mayi, apa ntchito palibe. Timafuta pang'ono basi, chitseguka pompano.”

Ndinati, “Chisiyeni.”

Donato anati, “Amayi, ngati amalume sabwera nditsegula ndine. Kapena tingochotsa zonsezi, tiike zamakono zongokankhira kumbali.”

Ndinamufunsa kuti, “Iwe udzatsegula bwanji uli kutchalitchi ukudikira mkazi? Ndipo unabadwira muno?”

A Pantaleo anaseka mpaka kukhosomola. Anati, “Mnyamata, ingomwa khofi wako. Zitseko izi sizikudikira mafuta.” Sindinawafunse chimene amatanthauza.

Filomena akuti iye alibe nazo kanthu, akhoza kutulukira mbali imodzi. Achimwene, ndi diresi lalikulu lija? Atuluke chammbali ngati munthu wopita kukataya madzi? Nanga likakodwa pa msomali? Nanga anthu adzati chiyani, kuti banja lathu latha amuna?

Ndikudziwa kuti ntchito ya kufakitale ndi yovuta kuisiya, ndipo ulendo wa pasitima ndi wautali. Ndikudziwanso kuti nyumba ino imakukumbutsani tsiku lija. Sindikukukakamizani. Ine ndingoti, ulendo wotsiriza munatsegula chitseko chimenechi mukulira. Sibwino kuti zithere pomwepo.

Filomena akupereka moni, ngakhale akuti nkhope yanu akuidziwira pa chithunzi. Mtengo wa mandimu umene munabzala uja wapitirira khoma. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Mafuta aja ndagula, ali pawindo la kukhitchini. Sindinathire.

Ndine mlongo wanu,
Addolorata