Tayi Yabuluu ya Bambo

Lachinayi, 9 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye wakana. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mawu angandithere.

Mwambo wopereka mphoto kwa oimba uja unachitika Loweruka. Paja ofesi yathu ndiyo inapatsidwa ntchito youlengeza, ndipo phindu lake likupita ku bungwe lothandiza odwala kudzera m'nyimbo, lomwe lija limatumiza Mayi Gitala kwa bambo Lachiwiri lililonse. Holo inadzaza, atolankhani anabwera, abwana anandigwira chanza pamaso pa onse. Mukanandiona mukanati mng'ono wanga zamuyendera. Dikirani mumve.

Chidwalireni sitiroko bambo salankhula, izi mukuzidziwa. Chomwe simunaone ndi luso la Mayi Gitala. Amayamba kanyimbo kaja bambo anapekera malemu amayi, "Ndili pa mlatho, ndikudikira," kenako n'kusiya dala mawu omaliza. Bambo amalimbana nawo mpaka atuluke: "Usachedwe." Tsiku loyamba kumva ndinalira, ndipo ndinawajambula kanema pafoni kuti ndikutumizireni. Sindinatumize. Ndinakaonetsa abwana.

"Iyi ndiye nkhani takhala tikuisakayi!" anatero. "Anthu sapereka chifukwa cha malipoti, amapereka akaona nkhope. Kawasainitseni fomu ya chilolezo basi."

Achemwali, pantchito pathu sititulutsa chithunzi cha munthu popanda fomu imeneyo, ndipo ndine ndimaphunzitsa atsopano lamuloli. Koma ndinkadziwa kuti bambo akana. Munthu woti anaphunzitsa zaka makumi atatu osalowapo m'kalasi wopanda tayi, angalole kuonedwa ali ndi malaya ogonera, kukamwa kutapotoka, malovu akutsika? Ndinawauza kuti ndi pepala la kuchipatala. Ndinawagwira dzanja, tinasaina limodzi. Anandiyang'ana mondithokoza, ndipo maso amenewo akundizunza mpaka lero.

Bungwe litawaitana monga mlendo wolemekezeka anasangalala kwambiri. Ndinali ndi milungu iwiri yoti ndiwaululire, koma tsiku lililonse ndinkati mawa. Patsikulo anasankha okha tayi, yabuluu ija, n'kundibweza kawiri kuti ndimangenso bwino. Ndinawakankha pa njinga yawo ya odwala mpaka mzere wakutsogolo. Kenako anaonetsa kanema uja, nkhope yawo inadzaza sikirini yonse, malovu aja akuonekera mpaka kumbuyo kwa holo. Anthu anaimirira kuwomba m'manja, ena akupukuta misozi, ndipo pakati pawo panali ophunzira awo akale. Bambo anangokweza dzanja labwino lija n'kuphimba pakamwa. Tinafika kunyumba dzanjalo likadali pomwepo.

Lachiwiri Mayi Gitala anabwera monga mwa nthawi zonse. Anaimba, n'kusiya mpata uja. Zii. Anabwereza katatu, bambo n'kutembenukira kukhoma. Potuluka mayiyo anaima pakhomo.

"Mwanawe," anatero, "munthu ngati bambo akowa amayesa kuimba akadziwa kuti akalephera palibe akuwaonerera. Zinanditengera miyezi isanu ndi umodzi kuti andikhulupirire."

Sanakweze mawu. Bola akanandikalipira.

Kanemayo ndamuchotsa paliponse pomwe ndingathe, koma madzi akatayika sawoleka. Ndinagwada n'kupepesa kwa bambo, ndinawauzanso za fomu ija. Anandisisita mutu, koma ndikangoyamba nyimboyo amatsinzina. Ndikuopa, Achemwali. Mawu awo onse anatsala amodzi omwewo, ndipo ine ndawasinthanitsa ndi chanza cha abwana.

Pempho langa ndi ili. Lamlungu masana muimbe foni. Ndidzaiyika pa pilo, ndidzatuluka n'kutseka chitseko. Musadzawafunse kanthu. Mudzangoyamba nyimboyo, mukafika pa "ndikudikira" musiye, ndipo musafulumire kudula. Inu simunawapusitsepo. Zondikalipira mudzachite pambuyo pake, ndidzamvetsera zonse osayankha.

Moni kwa alamu ndi ana. M'makalata onse ndimalemba kuti bambo akupereka moni, chifukwa ndikatchula dzina lanu ankang'ung'udza kanyimbo kaja. Lero ndatchula, angokhala chete. Sindinamanso, moni wawo mulibe muno. Mudzaudikire nokha Lamlungu.

Ine mng'ono wanu,
Mzime