Bulugama wa Kudimba Uja

Nsaru,
14 Novembala

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba. Nazale ya fodya tikuthirira katatu patsiku koma ikungofota. Masana kumachita bata loti ngakhale tsamba siligwedera, kenaka mitambo yakuda imaunjikana cha ku Kabudula, mabingu n'kuyamba, koma mvula yake madontho owerengeka.

Mukukumbukira bulugama wa kudimba uja anaombedwa ndi mphenzi chaka chatha? Mudzi wonse unkamulambalala, ngakhale nkhuni palibe anatolapo. Bambo a Steven anakamudula. Nditawaletsa amvekere, "Mtengo ndi mtengo. Mukufuna fodya tidzamuyanike pamutu panu?" Nsichi za chigafa chatsopano ndi za mtengo womwewo.

Azakhali, ndi kutentha konseku mbuzi sizikulowa m'chigafamo. Zikumaima padzuwa, wefuwefu, n'kumangouyang'ana mthunziwo. Lachiwiri mphenzi inagwa pachulu cha kuseri kwa khola. Lachisanu inang'amba mpapaya wa pakhomo penipeni, chigafa n'kuchisiya. Paja amati imabwerera kudzatenga chake, eti?

Kodi Steven ndi Judith sangabwere kudzakhala kwanuko mpaka mvula itakhazikika? Za sukulu tidzaona. Bambo awo sindinawauze kuti ndakulemberani. Matabwa otsala a mtengo uja anakhomera bedi la anawa, ndipo pamene ndikulemba pano kwayambanso kuda cha ku Kabudula.

Moni kwa onse kumeneko. Chonde musachedwe kuyankha.

Ndine mwana wanu,
Janet