Mwala Wotsiriza M'thumba

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Mawondo aja akukulolani kugona? Achimwene anandiuza kuti mankhwala opaka mukumawabisa pansi pa pilo kuti asathe msanga. Amayi, mankhwala sasunga ngati mbewu, pakani. Ine kuno ndili bwino, mwinanso kupitirira.

Paja mumati simumvetsa chimene munthu wamkulu ngati ine amafuna m'miyala. Lero ndikufotokozereni. Kunja kwa mzinda uno kuli phiri limene analidula pomanga msewu. M'kati mwake muli miyala yakuda yosanjikizana, imene inali matope a pansi pa nyanja zaka zoposa biliyoni zapitazo, kusanakhale nsomba, mtengo kapena udzu. M'matopemo munkafera tizamoyo tosaoneka ndi maso. Tambiri tinali ngati tiulusi basi. Koma tina tinali titayamba kukula, tili ndi chikopa cholimba, ndipo akatswiri amati mtundu umenewu ndi umene unadzabala zomera, nyama ndi anthu. Izi musawauze kaye abusa, ndidzakambirana nawo ndekha. Timeneti ndi timene ndakhala ndikusaka.

Chimene ndinkakubisirani ndi ichi: kusukulu anandiuza poyera kuti chaka chino chikatha ndilibe choonetsa, maphunziro athera pompo, makiyi a chipinda ndibweze, ndibwerere chimanjamanja.

Kuti tizamoyoto tioneke, mwala umayenera kusungunulidwa mu asidi woopsa amene amadya ngakhale galasi. Timavala magolovesi ofika m'zigongono ndi chotchinga kumaso, ndipo nsapato zanga zabwino zija zinathera komweko. Mwala ukasungunuka pamatsala katope kakuda kosadzaza supuni, n'kukaika pa makina okuzira zinthu. Ndinasungunula miyala thumba ndi thumba, koma ndinkangopeza tiulusi tokhatokha, timene ena anatipeza kale. Ndili pakati pa mavutowo, omanga msewu anathira simenti khoma lonse la phirilo kuti miyala isamagwere magalimoto. Kokatenga ina kunalibenso. M'thumba munatsala mwala umodzi, kukula ngati sopo wochapira.

Aphunzitsi anga timangowatchula a Chipewa, poti sachivula ngakhale kutenthe bwanji. Iwo anandilangiza kuti mwalawo ndiusunge. Anati ndikausungunula n'kupeza mulibe kanthu, ndiye kuti ndataya mwala ndi chaka chomwe, bola ndilembe za tiulusi tija, mwina akuluakulu angandimvere chisoni. Sankanena moipa, ndi munthu wabwino. Koma inu mukundidziwa, makani ndinayamwira kwa inu.

Ndinawayankha kuti, "Bambo, sindinasiye mwana wanga kuti ndidzapemphe chisoni."

Anangopukusa mutu n'kundipatsa makiyi a kabati ya asidi. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma kunena zoona, pamene mwalawo unkatha m'chidebe, mtima wanga unali m'mwamba.

Lachiwiri m'mawa ndinaika katope pa makina. Poyamba tiulusi tomwe tija, mpaka maso anayamba kuwawa. Nditasuntha pang'ono, ndinangoona kanthu kozungulira, kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kali ndi timinga mbali zonse. Pambali pake kena. Kenako kena kong'ambika pakati ngati khoko la mtedza. Amayi, ndinakuwa! Mayi wokolopa pakhonde anataya chidebe n'kuthamangira m'chipindamo, akuganiza kuti ndadzithira asidi. Atamva nkhani yake anandikumbatira, chonsecho sankadziwa chimene tikukondwerera.

A Chipewa anaika diso pa makinawo nthawi yaitali. Kenako anadzuka pang'onopang'ono n'kuvula chipewa chija. Kani ali ndi dazi lotere! Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Anati timeneti ndi ta chikopa cholimba tija, sitinaonekepo m'miyala ya phiri limenelo, ndipo dzina langa ndi limene lidzakhale patsogolo polemba za ito.

Tsopano maphunziro ndimaliza, ntchito andipatsa pompano, komanso andichotsa m'kachipinda kaja koletsa ana. Ndalowa m'nyumba ya zipinda ziwiri, yokhala ndi mpopi m'kati, ndipo sukulu ya ana ili kuseri kwa mpanda. Vuto lake n'loti woyandikana nane amakonda wailesi kuposa tulo, koma zimenezo ndi zazing'ono.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulemba mtima ukundipweteka. Ndipatseni mwana wanga. Ndikudziwa kuti Kalongolola ndiye amene amakusekererani m'nyumbamo, amene amakulowetserani ulusi pa singano, amene mumakangana naye za nthawi yosamba. Mwamulera bwino kuposa mmene ndikanathera ine. Koma mwezi watha nditaimba foni, anayankha ndi iyeyo, tinacheza pang'ono, kenako anati, "Dikirani ndiwaitane amayi." Ankanena inuyo. Sindinamudzudzule, poti sanalakwe, koma foni itaduka ndinakhala pansi n'kulira.

Sindikufuna kuti mumukweze basi yekha ndi kachikwama, inu n'kutsala mukuyang'ana khomo. Sukulu ikatsekera mubwere naye nokha, ndipo musafulumire kubwerera. M'chipinda chachiwiri ndaikamo mabedi awiri, ndipo lalikululo ndi lanu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa azakhali, ndi kwa amalume amene ankati ndikukumba golide. Muwauze kuti golide sindinamupeze, koma ndapeza chimene ndinadzera. Kalongolola mumupsompsone pachipumi, ngakhale akane.

Tsalani bwino Amayi, mpaka ndidzakulandireni pa depoti.

Ine mwana wanu,
Mayi ake a Kalongolola