Mwana Amene Magazi Anga Sanamuiwale

Ballina, 9 Novembala

Wokondedwa mwana wanga Sorcha,

Kaya muli bwanji ku Toronto ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga? Kuno mvula ndi yomwe ija, bondo la bambo ako ndi lomwe lija. Ine ndikupumabe mwa chisomo cha Mulungu.

Unamva kuti mtima wolowa m'malo mwa wanga wodwalawu unapezeka mwezi watha koma sanandiike. Chifukwa chenicheni ndinakubisira. Adokotala ku Dublin anati asilikali a m'magazi mwanga akanaukana. Akuti mayi akatenga pakati, thupi limasunga chizindikiro cha bambo wa mwanayo, ndipo mtima wofanana nacho limaumenya. Akuti makanda savuta chonchi, magazi awo sanayambe kusunga mangawa.

Anandifunsa kuti ndinatenga pakati kangati. Ndinati kawiri, iwe ndi Declan, bambo ako ali pomwepo atandinyamulira chikwama. Adokotala anati nanga asilikali enawa, osagwirizana ndi magazi a bambo ako, achokera kuti?

Sorcha, ndinanama. Ndili ndi zaka 17 ndinabereka mwana wamwamuna. Agogo ako anandipititsa kwa masisitere, mwanayo anatengedwa ndisanamuyamwitse n'komwe. Ndinaulula kwa ansembe okha basi.

Bambo ako ndinawauza m'galimoto pobwerera. Anangoyendetsa galimotoyo mpaka Longford. Kenaka anati zaka zonsezi ndimawanena kuti amabisa mabisiketi, chikhalirecho katswiri wobisa ndine. Ndinalira, iwo akuseka misozi ili m'maso. Mafomu omufunira mwanayo analemba okha.

Wapezeka. Dzina lake ndi Fintan, amayendetsa basi ya sukulu ku Limerick. Lachiwiri anapereka magazi kuti adokotala adziwe mitima yoti andipewere. Panopa akunditsuka magazi ndi makina, asilikali aja akuchepa, ndipo dzina langa likadali pa mndandanda wodikira.

Fintan anandiuza poyera kuti sanakonzeke kunditchula amayi. Koma anati magaziwo ndiye n'kukaniziranji, ndi anga omwe. Potsanzikana anafunsa ngati ali ndi mlongo. Ndinati ndikufunse kaye.

Undikhululukire, mwanangu, ngakhale si lero. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali.

Ambuye akusunge. Upereke moni kwa apongozi anga, ndipo kamdzukulu kanga Aoife undipsompsonere. Declan ndimuuza ndekha Lamulungu tikachoka ku Misa.

Ndine mayi wako, wa ana atatu,
Nuala